Mafunso ndi mayankho okhudza kukonza kalendala ndi pulogalamu ya Remind

Chaka chilichonse mitambo ya mvula ikayamba kusonkhana pamwamba pa phiri la Zomba, alembi a mipingo, a makomiti a sukulu ndi a mabanki mkhonde amayamba kusakasaka munthu woti awakonzere kalendala ya chaka chamawa. Ine ntchitoyi ndimaigwira ndi pulogalamu yotchedwa Remind, pa laputopu yakale ya Linux imene batire lake silipirira ngakhale ola limodzi magetsi akazima. Popeza anthu akaona mapepalawo atamatidwa pakhoma amandifunsa mafunso omwewomwewo, ndaona kuti ndi bwino ndiwayankhe onse pamalo amodzi.

Kodi Remind ndi chiyani, ndipo anailemba ndani?

Remind ndi pulogalamu yokumbutsa munthu za masiku ndi misonkhano, imene imagwira ntchito pa terminal, kutanthauza kuti mumailamula polemba mawu pa kiyibodi m'malo moloza zithunzi ndi mausi. Anailemba ndi Dianne Skoll wa ku Ottawa m'dziko la Canada, ndipo yakhalapo zaka zoposa 30 ikukonzedwabe. Imaperekedwa ulere pansi pa chilolezo cha GNU GPL, choncho palibe amene angakulipiritseni chifukwa choigwiritsa ntchito kapena kugawira mnzanu. Zonse zimene mukufuna kukumbutsidwa mumazilemba m'fayilo ya mawu wamba, ndipo pulogalamuyi imawerenga fayiloyo n'kukuuzani za lero, kapena n'kutulutsa kalendala ya mwezi kaya ya chaka chonse.

N'kudzivutitsiranji ndi kulemba malamulo pamene foni ili kale ndi kalendala?

Funso limeneli ndi lomveka, ndipo kwa munthu amene akungofuna kukumbukira tsiku lokaonana ndi dokotala, foni ndi yokwanira. Koma tamverani mmene anthu amagwirizanirana za masiku pa misonkhano yathu. Palibe wapampando amene amatchula masiku 12 limodzilimodzi. Iye amati, "Tidzikumana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse," kapena, "Ndalama zizibwera Lachisanu lomaliza, koma likakhala la tchuthi tisunthire Lolemba." Chimene komiti yagwirizana ndi lamulo, ndipo masiku enieniwo amangobadwa kuchokera m'lamulolo.

Mlembi amene akukonza kalendala pamanja amatenga lamulo lija n'kuyamba kuwerenga ndi chala mwezi ndi mwezi, ndipo akafika ku Ogasiti maso atopa, cholakwa chalowa. Chaka chamawa ayambiranso. Ndi Remind mumalemba lamulolo kamodzi, monga momwe analinenera wapampando, ndipo kuwerenga konseko kumakhala kwa makina, kaya mukufuna kalendala ya 2026 kaya ya 2040. Ichi ndicho chifukwa chachikulu, ndipo zina zonse ndi zongowonjezera: siifuna intaneti, siidya bandulo, imathamanga bwino pa kompyuta imene ena anaitaya kale kuti ndi yokalamba, ndipo fayilo yake ndi yaing'ono moti ya mpingo wonse siifika kukula kwa chithunzi chimodzi cha pa WhatsApp.

Sindingabise kuti masiku oyamba imavuta. Munthu wozolowera kudina amaona sikirini yakuda ngati chitseko chotseka. Komabe malamulo amene mlembi wamba amawafuna safika khumi, ndipo ambiri mwa iwo ali m'munsimu.

Ndingaipeze bwanji?

Pa Debian, Ubuntu kapena Linux Mint, imene ndi mitundu ya Linux, lembani `sudo apt install remind`. M'mitundu yatsopano ya Debian ndi Ubuntu, zida zosinthira kalendala kuti isindikizidwe zili m'phukusi lina lotchedwa remind-tools, ndipo amene akufuna kuona kalendala pawindo lodina ndi mausi awonjezere tkremind. Intaneti imafunika pa kanthawi kotsitsa kokhako. Amene ali ndi Windows angaiyendetse kudzera mu WSL, imene imalola Linux kugwira ntchito mkati mwa Windows.

Fayilo yoyamba ndiilembe motani?

Tsegulani pulogalamu iliyonse yolembera mawu wamba, monga nano, ndipo mupange fayilo yotchedwa `.reminders` m'foda yanu yaikulu. Mzere uliwonse wa chikumbutso umayamba ndi REM, kenako tsiku, kenako MSG, ndipo pambuyo pake uthenga wanu m'chilankhulo chilichonse:

`REM 14 Feb 2026 MSG Chinkhoswe ku Matawale`

`REM 20 MSG Kulipira lendi`

`REM Wed AT 15:00 MSG Kwaya ya achinyamata`

Chinsinsi chake n'chakuti chimene simunatchule, Remind imachitenga kuti ndi "chilichonse". Mzere woyamba uli ndi tsiku, mwezi ndi chaka, choncho udzaoneka kamodzi kokha. Wachiwiri ulibe mwezi kapena chaka, choncho uzibwera pa 20 mwezi uliwonse. Wachitatu uzibwera Lachitatu lililonse nthawi ya 3 koloko masana. Mayina a miyezi ndi a masiku a m'kati mwa lamulo amalembedwa m'Chingerezi chofupikitsa, monga Jan, Feb, Mon ndi Sat, koma uthenga ndi wanu. Mzere umene wayamba ndi chizindikiro cha # suwerengedwa, ndipo ndi malo abwino olembapo kuti lamuloli linagwirizanidwa pa msonkhano uti, chifukwa pakatha zaka ziwiri inu nomwe mudzaiwala.

Mukasunga fayiloyo, kungolemba `rem` kukuonetsani zikumbutso za lero.

Nanga Loweruka loyamba, Lamulungu lachiwiri, kapena Lachisanu lomaliza la mwezi?

Apa ndi pamene pali mphamvu ya pulogalamuyi, ndiponso ndi pamene anthu ambiri amapunthwa. Mukalemba dzina la tsiku pamodzi ndi nambala, Remind imamva kuti mukufuna tsiku la dzina limenelo loyamba kupezeka kuyambira pa nambalayo kupita kutsogolo. Choncho `REM Sat 1` ndi Loweruka loyamba la mwezi, `REM Sun 8` ndi Lamulungu lachiwiri, ndipo `REM Thu 15` ndi Lachinayi lachitatu, chifukwa tsiku lachiwiri la dzina lililonse limagwa pakati pa 8 ndi 14, ndipo lachitatu pakati pa 15 ndi 21.

Tsiku lomaliza ndi limene lili ndi msampha. Ine poyamba ndinalemba `REM Fri 25` poganiza kuti Lachisanu lililonse lopezeka kuyambira pa 25 liyenera kukhala lomaliza. M'miyezi ya masiku 31 zimayendadi bwino, ndipo n'chifukwa chake cholakwacho chinabisala. Ndinachizindikira pokonza kalendala ya 2026, nditaona kuti Epulo alibe tsiku lotolera ndalama, pamene Meyi ali nawo awiri. Lachisanu lomaliza la Epulo 2026 ndi pa 24, tsiku limodzi lisanakwane 25, ndiye pulogalamu inachita zimene ndinaiuza: inadumpha n'kukagwira Lachisanu lotsatira, pa 1 Meyi, limene lilinso tchuthi cha anthu apantchito. Msungichuma wathu akanakhala yekha m'kalasi yotseka akudikira anthu. Njira yolondola ndi kuyambira mwezi wotsatira n'kubwerera m'mbuyo:

`REM Fri 1 --7 MSG Kutolera ndalama za mwezi`

Mzerewu ukunena kuti: peza Lachisanu loyamba la mwezi, ubwerere masiku 7. Malingaliro omwewo amagwira pa tsiku lomaliza la mwezi. Musalembe `REM 31`, chifukwa Febuluwale, Epulo, Juni, Seputembala ndi Novembala adzadumphidwa. Lembani `REM 1 --1`. Ngati mukufuna tsiku lomaliza logwira ntchito, limene alembi a malipiro amalisamala kwambiri, lembani `REM 1 -1 OMIT Sat Sun`. Onani kusiyana kwake: kamzere kamodzi kamabwerera m'mbuyo modumpha masiku opuma, pamene timizere tiwiri timawerenga tsiku lililonse mosasankha.

Banki mkhonde yathu imakumana pakapita masabata awiri aliwonse. Zimenezi zingatheke?

Zingatheke, koma muyenera kupereka tsiku loyambira lathunthu, lokhala ndi chaka, kuti pulogalamu idziwe poyambira kuwerenga:

`REM 8 Jan 2026 *14 UNTIL 26 Nov 2026 MSG Banki mkhonde`

Kanyenyezi ndi 14 zikutanthauza kubwereza pa masiku 14 aliwonse, ndipo UNTIL ikuimitsa mndandandawo pa Lachinayi la pa 26 Novembala, nthawi imene magulu ambiri amakhala akukonzekera kugawana ndalama kuti anthu agule feteleza.

Kodi maholide a dziko lino amabwera kale m'pulogalamuyi?

Zimadalira mtundu wa Remind umene muli nawo, koma mukhoza kuwalemba nokha, ndipo ndi ntchito ya kamodzi. Lamulo lake ndi OMIT, limene limauza Remind kuti tsikulo ndi lopuma, ndipo mukhoza kulipatsanso uthenga woti uoneke pa kalendala:

`OMIT 1 Jan MSG Chaka chatsopano`

`OMIT 15 Jan MSG Tsiku la John Chilembwe`

`OMIT 3 Mar MSG Tsiku lokumbukira ofera dziko`

Momwemonso mulembe 1 Meyi, 14 Meyi la Kamuzu, 6 Julayi lokumbukira ufulu wa 1964, 15 Okutobala la anakubala, ndi 25 ndi 26 Disembala. Masiku amenewa akadziwika, zikumbutso zina zikhoza kuwalemekeza. Mukawonjezera SKIP pa mzere wa kwaya uja, kwaya siidzalembedwa pa tsiku la tchuthi. Mukaika AFTER, msonkhano usunthira tsiku lotsatira losapuma. Mukaika BEFORE, ubwerera kumbuyo. Chofunika kusamala n'chakuti Remind imawerenga fayilo kuchokera pamwamba kutsika pansi, choncho mizere ya OMIT ikhale pamwamba pa zikumbutso zimene zikuidalira.

Kwathu kuno tchuthi chikagwa Loweruka kapena Lamulungu, anthu amapuma Lolemba lotsatira, monga zinachitikira mu 2025 pamene 6 Julayi linali Lamulungu. Kuti kalendala izisuntha yokha, m'malo mwa OMIT wamba lembani motere:

`REM 6 Jul OMIT Sat Sun AFTER SCANFROM -7 ADDOMIT MSG Tchuthi cha ufulu`

ADDOMIT imalembetsa tsiku limene latulukalo kuti ndi lopuma, ndipo SCANFROM -7 imathandiza kuti pulogalamu isaliiwale tsikulo likangodutsa. Pa Khirisimasi ndimakonda kuyang'ana ndi maso anga chaka chilichonse, chifukwa maholide awiri ogundizana akagwa kumapeto kwa sabata, ndi bwino kumva kaye zimene boma lalengeza.

Pasaka imasinthasintha chaka ndi chaka, ndipo Eid nayonso. Zimenezi mumazitani?

Masiku awiriwa amaoneka ofanana vuto lake, koma ndi osiyana kwambiri. Pasaka imatsatira masamu okhazikika, ndipo Remind imawadziwa masamuwo:

`SET pasaka easterdate(year(today()))`

`OMIT [trigger(pasaka-2)] MSG Lachisanu Loyera`

`OMIT [trigger(pasaka+1)] MSG Lolemba la Pasaka`

Mizere itatuyi imapeza Pasaka ya pa 20 Epulo mu 2025 ndi ya pa 5 Epulo mu 2026 popanda kuikhudzanso, ndipo alembi a mipingo angawerengere pomwepo masiku ena onse odalira Pasaka, monga Lachitatu la Phulusa limene limabwera masiku 46 Pasaka isanafike, ndi Pentekoste imene imabwera masiku 49 pambuyo pake.

Eid al-Fitr imadalira kuoneka kwa mwezi, ndipo tsiku lake limatsimikizika atsogoleri a Chisilamu akalengeza. Pulogalamu ikhoza kukuuzani tsiku limene mwezi watsopano ukubadwa malinga ndi masamu a zakuthambo, koma kubadwa kwa mwezi ndi kuoneka kwake ndi maso sizichitika nthawi imodzi. Kuno ku Zomba, kumene m'komiti imodzi ya sukulu mumakhala Akhristu ndi Asilamu, kusindikiza tsiku la Eid ngati lotsimikizika miyezi isanakwane n'kudzitengera udindo umene si wa mlembi. Ine ndimalemba mawu akuti "Eid ikuyembekezeka" pa masiku awiri oyandikana, ndipo sindiikapo msonkhano uliwonse pa masiku awiriwo.

Tsopano kalendala yeniyeniyo imatuluka bwanji?

Kuti muione pa sikirini, lembani `remind -c ~/.reminders` (chizindikiro cha ~ chikuimira foda yanu yaikulu) ndipo mwezi uno udzajambulidwa m'mabokosi pa terminal pomwepo. Mukalemba `-c3` mupeza miyezi itatu, ndipo `-c+2` ikupatsani masabata awiri okha. Mukafuna mwezi wina, onjezerani tsiku kumapeto, monga `remind -c ~/.reminders 1 Apr 2026`. Kuwonjezera `-m` kumayambitsa sabata Lolemba m'malo mwa Lamulungu, zimene zimagwirizana bwino ndi kawerengedwe kathu, popeza Lachiwiri ndi tsiku lachiwiri kuchokera Lolemba. Kuwonjezera `-b1` kumalemba nthawi m'maola 24.

Ndikufuna yosindikiza papepala, yoti ndikamate pakhoma.

Remind payokha siijambula PDF. Imatulutsa mndandanda wa masiku ndi mauthenga, n'kuupereka kwa pulogalamu ina yaing'ono imene ntchito yake ndi kujambula basi. Kamzere koimirira kamene kali pakati pa malamulo awiriwa ndiko kamalumikiza zimenezi:

`remind -pp12 -m ~/.reminders 1 Jan 2026 | rem2pdf --landscape --media=A4 > kalendala2026.pdf`

Mzere umodziwu umatulutsa masamba 12, mwezi uliwonse tsamba lake, pepala litagonekedwa cham'mbali. Pali chida china chakale chotchedwa rem2ps chimene chimatulutsa mafayilo osindikiza a mtundu wa PostScript, ndipo china chotchedwa rem2html chimatulutsa tsamba loonera pa browser.

Mawu akuti A4 musawaiwale. Zidazi zinalembedwa ku North America, kumene pepala lozolowereka ndi la Letter, lalifupi ndiponso lotambalala pang'ono poyerekeza ndi A4 yathu ya mamilimita 210 ndi 297. Tsiku lina ndinapita ndi fayilo yanga pa fulashi ku kashopu kena kosindikizira m'tauni, ndinalipira masamba onse 12, ndipo nditafika kunyumba ndinapeza kuti mzere wa m'munsi wadulidwa, sabata yomaliza ya miyezi ingapo yatsala theka. Mtsikana wa pashopupo analibe mlandu, popeza anasindikiza zimene ndinamupatsa. Kuyambira pamenepo ndimayamba ndasindikiza tsamba limodzi lokha, la mwezi wodzaza kwambiri, ndisanalipire ena onse.

Popeza ambiri timasindikiza zakuda ndi zoyera pofuna kupulumutsa ndalama, mitundu siithandiza kwenikweni. Chimene chimathandiza ndi kudetsa pang'ono bokosi la tsiku la tchuthi, monga `REM 6 Jul SPECIAL SHADE 220`, pamene 255 ndi kuyera kotheratu ndipo 0 ndi kuda bii. Mukatsika kwambiri pansi pa 200, mawu savuta kuwerenga pa sikirini koma pa fotokope amamira.

Kodi mitu ya kalendala ingalembedwe m'Chichewa?

M'mitundu yatsopano ya Remind, mayina a masiku ndi a miyezi amene amasindikizidwa mukhoza kuwasintha pamwamba pa fayilo yanu, polemba `SET $Monday "Lolemba"`, `SET $Saturday "Loweruka"`, `SET $January "Januwale"`, mpaka onse 19 atatha. Agogo amene amabwera kudzayang'ana tsiku la msonkhano wa amayi pa bolodi la tchalitchi amawerenga "Lachinayi" mosavuta kusiyana ndi "Thu".

Amene amalemba chilembo cha ŵ, monga m'dzina la Malaŵi, agwiritse ntchito rem2pdf. Chida chakale cha rem2ps chimadalira zilembo za ISO 8859-1, mmene ŵ mulibe, ndipo pamalo pake pamatuluka zizindikiro zosamveka, pamene rem2pdf imamva bwinobwino zilembo za UTF-8, mmene ŵ alimo.

Ndinaika chenjezo la masiku atatu, koma pa kalendala silikuoneka. Chalakwika n'chiyani?

Palibe chalakwika. Mukalemba +3 pa chikumbutso, chenjezo limayamba kuoneka masiku atatu tsikulo lisanafike pamene mwalemba `rem` kuti muone za lero, koma pa kalendala uthenga umaikidwa pa tsiku lake lenileni lokha, ndipo n'zoyenera kutero, chifukwa bokosi la tsiku ndi laling'ono. Mukhozanso kulekanitsa mawu a papepala ndi mawu a chenjezo:

`REM Sat 1 +3 MSG %"Komiti ya sukulu%" - kwatsala masiku [trigdate()-today()], tumizani uthenga kwa mamembala`

Pa kalendala padzangolembedwa "Komiti ya sukulu", ndipo mawu otsalawo mudzawaona inu nokha pa terminal.

Ndamva kuti imawerengeranso kutuluka kwa dzuwa ndi kuwala kwa mwezi.

Imatero, mukaiuza kumene muli. Za Zomba lembani `SET $Latitude "-15.38"` ndi `SET $Longitude "35.32"`, ndipo onetsetsani kuti nthawi ya kompyuta yanu ili pa Africa/Blantyre, maola awiri patsogolo pa UTC chaka chonse. Kamzere ka kutsogolo kwa 15 kakusonyeza kuti tili kumwera kwa equator, ndipo mukakaiwala mudzapeza masiku aatali mu Juni m'malo mwa Disembala. Mukalemba zimenezi molondola, `sunrise()` ndi `sunset()` zimapereka nthawi zake, ngakhale kuti m'madera ena a m'munsi mwa phiri dzuwa limabisika msanga kuposa nthawi yolembedwayo, popeza masamuwo amayesa kuti dziko ndi lathyathyathya mpaka kumapeto kwa maso. Kuti chithunzi cha mwezi wathunthu chioneke pa kalendala, lembani `REM [trigger(moondate(2))] SPECIAL MOON 2`. Okonza mapemphero a usiku m'midzi ya cha ku Jali anandipempha chizindikiro chimenechi kuti anthu azibwerera kwawo kukuwala.

Ndimakonzera magulu angapo. Kodi zonse zikhale m'fayilo imodzi?

Ayi. Pangani foda ya gulu lililonse, ndipo mupatse Remind dzina la fodayo m'malo mwa fayilo. Idzawerenga mafayilo onse othera ndi `.rem` motsatira mayina awo. Fayilo ya maholide muitche `01-maholide.rem` kuti iziwerengedwa poyamba, kapena muisunge pamalo amodzi n'kumaiitana ndi lamulo la INCLUDE, kuti mukakonza tsiku limodzi, makalendala onse akonzeke. Kulekanitsaku kumatetezanso kuti zikumbutso za m'nyumba mwanu, monga ngongole ya kugolosale, zisakapezeke pa bolodi la mpingo.

Anthu a m'gulu lathu alibe kompyuta. Iwo apindula bwanji?

Iwo safunika kuidziwa n'komwe pulogalamuyi. Mlembi yekha ndiye amalemba malamulo, ndipo ena onse amalandira pepala kapena PDF pa WhatsApp. Amene akufuna kuti masikuwo alowe m'kalendala ya foni angagwiritse ntchito chida cha rem2ics, cholembedwa ndi anthu ena, chimene chimasintha zikumbutso kukhala fayilo ya iCalendar. Mlembi akamasiya udindo, apereke fayilo ya malamuloyo kwa womulowa m'malo pamodzi ndi kaundula, ndipo ndi nzeru kuisindikizanso papepala n'kuiika m'kabati, popeza ndi masamba awiri kapena atatu amene munthu angawalembenso laputopu ikafa.

Ndingatsimikize bwanji kuti kalendala ndi yolondola ndisanaigawe?

Mzere ukalembedwa molakwika moti pulogalamu siingaumve, Remind imatchula dzina la fayilo ndi nambala ya mzerewo, ndipo kukonza kwake sikuvuta. Cholakwa choopsa ndi cha mzere wolembedwa bwino koma wonena zimene simunafune, monga `REM Fri 25` wanga uja, chifukwa pamenepo pulogalamu imakhala chete. Lamulo la `remind -n ~/.reminders | sort` limaonetsa tsiku lotsatira la chikumbutso chilichonse motsatana, ndipo limathandiza kugwira chikumbutso chimene chathawira chaka china. Pambuyo pake tulutsani miyezi yonse 12 pa sikirini, muwerenge kuti msonkhano wa pamwezi ukupezeka kamodzi m'mwezi uliwonse, makamaka mu Febuluwale ndi m'miyezi ya masiku 30, ndipo muyang'anenso masabata a Pasaka ndi a Khirisimasi. Mukatha, pitani ndi tsamba limodzi kwa wapampando ndi msungichuma, muwawerengere masikuwo mokweza ali ndi buku la maminitsi m'manja, chifukwa nthawi zina lamulo limene mlembi analemba m'fayilo linasinthidwa pa msonkhano umene iye anali kumaliro.